Kuchokera ku Doko Kufika ku Songwe: Zimene Tinaona kwa Mmisiri wa ku Iringa

Popeza dziko lathu la Malawi Namalenga analiika pakati pa maiko ena, kutali ndi nyanja ya mchere, katundu wambiri wolemera amene tigwiritsa ntchito, kuyambira mafuta a galimoto kufikira feteleza wa m'munda, amayamba waponda dziko la eni asanafike m'manja mwathu. Ndipo munthu amene wagula galimoto ku Japan ayenera kusankha chimodzi, kaya kulemba ganyu woyendetsa wosamudziwa, kaya kunyamuka yekha kukaichingamira kudoko. Alamu anga, amene anakhala zaka zambiri ku Karonga pa ntchito yauphunzitsi naphunzira Chiswahili kumeneko, anasankha kupita okha ku Dar es Salaam, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze, pakuti mutu umodzi susenza denga. Galimotoyo inali pikiapu ya dizilo, yakale ndithu koma yosamalika, imene anaigula ndi ndalama zawo zopumira pa ntchito, kuti izinyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita kumsika wa pa Lizulu.

Za ulendo wopita sindinena zambiri, chifukwa basi imathamanga usana ndi usiku, ndipo wokweramo amangoliona dziko mwa apo ndi apo. Chimene chinayamba kutilonjera ku Dar es Salaam ndicho kutentha, kosiyana ndi kwa ku Nsanje kumene kumawamba khungu, pakuti uku n'kutentha kwa chinyontho, konyowetsa malaya munthu ali chikhalire pamthunzi. Pamene tinkadikira kuti makalata a galimoto atheke, tinayenda mu mzindawo pa zokwera za mitundumitundu: njinga zamoto zimene iwo amati bodaboda, timagalimoto ta mawilo atatu totchedwa bajaji, ndi mabasi aatali a mwendokasi amene anawapatulira njira yawoyawo pakati pa msewu, kotero kuti amadutsa mosadodoma ena onse ali chiimire. Kumsika wa Kariakoo, kumene amalonda ambiri a kwathu amakapikula nsalu ndi ziwiya, tinamva Chichewa ndi Chitumbuka zikulankhulidwa pakati pa khamu la anthu, ndipo mtima unakhala pansi podziwa kuti njira imeneyi anzathu anaipondaponda kale.

Ulemu wa anthu a kumeneko ndinaupenyetsetsa, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi pamene umasungira ulemu wake. Kwathu ku Ntcheu mwana woleredwa bwino amanyonyomala pamaso pa akulu, nalandira chinthu ndi manja awiri, ndipo ulemu wake umaoneka m'mawondo ndi m'manja. Kumeneko wamng'ono amapereka moni ali chilili, koma sangayambe nkhani ina asananene shikamoo, ndipo wamkulu sangapitirire asanayankhe marahaba. M'sitolo wogula safuula kuti ndipatseni sopo, ngakhale ndalama ili m'manja mwake; amati ndikupempha sopo, ndipo wogulitsa amayamba wamufunsa za m'mene wadzukira. Munthu akakupeza wasenza katundu kapena uli thukuta kamukamu ndi ntchito, amakupepesa ngakhale sakukudziwa. Maola nawo amawerenga kuyambira kutuluka kwa dzuwa, monga amawerengedwera m'Mauthenga Abwino, kotero kuti 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndilo ola loyamba, ndipo masana enieni ndilo ola lachisanu ndi chimodzi. Mlendo amene safunsa angathe kufika pa pangano dzuwa litapendeka, pamene anamuitana m'mawa.

Chakudya cham'mawa chinali tiyi wa mkaka wothira tsabola wonunkhira ndi jinja, pamodzi ndi chapati kapena mandasi, zogulidwa kwa amayi ophikira m'mbali mwa msewu, amene amayamba akuthira madzi ofunda m'manja kuchokera mu ketulo. Nsima yawo ndi yolimba kuposa yathu, ndipo amaibweretsa mtanda umodzi waukulu, osati zipande zoomoledwa ndi chipande monga achitira amayi athu. Koma chimene amanyadira kwambiri ndi mpunga wophikira mkaka wa kokonati, wodyera nyemba kapena nsomba. Ndalama yawo yaikulu ndi ya mashilingi 10,000, yofiira, ya chithunzi cha njovu, ndipo imodzi yokha inkatidyetsa awirife kwa amayi aja, n'kutsalako ya madzi akumwa.

Galimoto itatuluka m'doko, itapatsidwa nambala yongodutsira ya zilembo za IT, tinaloza kumadzulo pa msewu wa ku Morogoro. Kufikira pa Chalinze, pamene msewu wa ku Tanga ndi Arusha umapatukira kumpoto, tinayenda pakati pa malori osawerengeka, onyamula mafuta ndi makontena a ku Zambia, ku Congo ndi kwathu komwe, ndipo ndinalingalira kuti nyale imene imayaka m'mudzi wa kwa Ganya ndi chigayo chimene chimalira pa Bawi zili ndi mizu yake pa msewu umenewu. M'midzi yonse ya m'njira liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola, ndipo apolisi a pamsewu, ovala zoyera mbee kuyambira chipewa mpaka thalauza, amaima pamthunzi kuyang'anira lamulo limenelo. Alamu analisunga mokhulupirika, akunena kuti kuthamanga sikufika. Titadutsa minda ya khonje yondanda m'mizere mpaka kumene maso alekeza, mapiri a Uluguru anaonekera, ndipo mtawuni ya Morogoro, imene ili patsinde pake pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera kudoko, tinadya chipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chakudya chimene anyamata okazinga chipisi pa chiwaya kwathu sanachizolowere, ngakhale kachewere ndi mazira tili nazo zambiri.

Patsogolo pake msewu umalowa m'nkhalango ya nyama ya Mikumi, nuyenda m'menemo makilomita ngati 50 wopanda mpanda mbali zonse. Zikwangwani zimachenjeza za chindapusa cha wogunda nyama, mtundu uliwonse ndi mtengo wake, ndipo zitunda zochepetsa liwiro n'zambiri. Tinaona mbidzi ndi nswala zikudya msipu osasamala za phokoso la malori, akadyansonga atasomphola makosi pamwamba pa mitengo, ndi anyani atakhala m'mphepete mwa phula kudikira chimene apaulendo angaponye. Kwathu munthu amalipira pachipata cha Liwonde kuti aone zotere, koma kuno woyendetsa lori amaziona ali pa ntchito yake. Tinagona m'tawuni yaing'ono ya Mikumi, ndipo m'mawa mwake tinalowa m'chigwa cha mtsinje wa Ruaha, mmene mapiri ouma adzala ndi malambe kuyambira patsinde mpaka pansonga, ochuluka kuposa a ku Mangochi ndi ku Golomoti, ndipo pa Ruaha Mbuyuni anyezi wofiira anali ataunjikidwa m'ndowa ndi m'matumba m'mbali monse mwa msewu.

Kuchoka m'chigwacho kupita kumtunda kwa Iringa pali chikweza cha Kitonga, chokhotakhota, phiri kudzanja lina ndi phompho kudzanja lina, pamene malori olemedwa amakwawa akufuka utsi ndipo galimoto iliyonse imaulula matenda ake obisika. Tili pakati pa chikwezacho ndinamva kafungo ka oyilo wopserera, koma poti patsogolo pathu panali malori ambiri, sitikanatha kudziwa mwini wa fungolo, ndiponso panalibe malo oimapo. Titafika pa Ilula, pamene tomato amagulitsidwa monga pa Lizulu kapena pa Jenda, tinaima kuti injini ipume. Ndipo mtsikana wina wogulitsa tomato, atatha kupereka moni wake, analoza pansi pa galimoto nauza alamu mwaulemu kuti galimoto yawo ikukha mafuta. Zoonadi, wakutsina khutu ndi mnansi. Madontho akuda anali kugwa pafumbi limodzi ndi limodzi, ndipo kachitsulo koyezera oyilo kanaonetsa kuti watsika kufika pa chizindikiro cha m'munsi, pamene kudoko anali pa chizindikiro cha pamwamba.

Posachedwa anthu anatizungulira, aliyense ndi nzeru yake. Wina anasuzumira pansi, naona sampu ili noninoni, nagamula kuti gasiketi ya sampu yatha. Wina anaona oyilo pamene injini ikumana ndi giyabokosi, napukusa mutu, nati ndi silu ya kumbuyo, ntchito yofuna kutsitsa giyabokosi yonse. Wachitatu anatitsatsa kabotolo ka mankhwala othira mu injini amene akuti amatseka paliponse podontha. Onsewa ananena mwachifundo, ndipo panalibe wofuna kutidyera masuku pamutu. Koma woyendetsa lori wina wachikulire, amene anakhala chete nthawi yonseyo, anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati nyale yofiira ya oyilo inayakapo tili m'njira. Alamu atayankha kuti sinayake, iye anati injini ikadali yamoyo, natilangiza kuti tithiremo oyilo wa dizilo kufikira pa chizindikiro, tiyende pang'onopang'ono, tiziima kawirikawiri kuyeza, ndipo nyaleyo ikangoyaka tizimitse injini pomwepo ngakhale pakati pa tchire, pakuti injini yoyenda yopanda oyilo imadzidya yokha m'kamphindi. Anatilozeranso kwa mmisiri wina wa m'munsi mwa Iringa, pa Ipogolo, amene iye amamudalira.

M'njira tinadutsa pa Lugalo, pamene pali chipilala chokumbutsa nkhondo ya 1891, pamene Ahehe a mfumu Mkwawa anagonjetsa gulu lankhondo la Ajeremani. Linga la mfumuyo ku Kalenga linagwa mu 1894, iye mwini anafa mu 1898 osalola kugwidwa wamoyo, ndipo chigaza chake, chimene chinatengedwa kupita ku Germany, chinabwezedwa mu 1954. Tinafika pa Ipogolo dzuwa likulowa, tawuni ya Iringa ili pamwamba pa phiri kutsogolo kwathu, ndipo mphepo yozizira ngati ya ku Dedza inatikumbutsa majuzi amene tinawaiwala m'chikwama chiyambire kudoko. Mmisiriyo, bambo wa imvi za apo ndi apo, wovala ovolosi yotuwa, anatilandira pansi pa chisakasa cha malata, natipepesa chifukwa cha ulendo, koma anakana kugwira galimoto usiku umenewo. Anangoyala katoni yoyera pansi pa injini, nati, "Akulu anga, kagoneni. Oyilo safunidwa mu mdima, ndipo injini yotentha siuza munthu zoona. Mubwere ola lachiwiri."

M'mawa tinampeza atagwada pa katoni ija, ana ake a ntchito atamuzungulira. Anakhudza dontho ndi chala, nalinunkhiza, nalipaka pa pepala, akuwaphunzitsa anyamatawo, ndipo alamu ankandimasulira. Galimoto, iye anati, ili ndi madzi a mitundu ingapo, ndipo asanafunse kumene achokera, mmisiri ayambe wadziwa kuti ndi ati. Oyilo wa injini ya dizilo amada bii msanga chifukwa cha mwaye wa dizilo; wa giyabokosi ndi wolemera, wa fungo loipa lakelake; wa chiwongolero kawirikawiri amakhala wofiirira; dizilo weniweni ndi wopepuka ndipo fungo lake silibisika; madzi a ledieta ndi obiriwira kapena ofiira ndipo sanona. Athuwa anali akuda, choncho anali a injini. Kenaka anatsekula ledieta, injini ili yozizira, kuona ngati pamwamba pa madzi payandama oyilo, nasolola kachitsulo koyezera kuona ngati oyilo wasanduka woyerera ngati tiyi wa mkaka, pakuti zimenezi zikanatanthauza kuti madzi ndi oyilo zasakanikirana m'kati, ndipo mlandu ukanakula. Zonse ziwiri anazipeza zili bwino.

Alamu anamuuza zimene anthu ananena pa Ilula, za sampu ndi za silu ya kumbuyo. Iye anamvetsera mpaka atatha, ndipo anayankha kuti, "Bambo, denga la udzu likamadontha, madzi amalowera pamwamba, natsata phaso, nakagwera pamphasa kutali ndi pamene analowera, wofolera pamwamba pa mphasa amangotaya udzu wake. Oyilo amatsika pansi, ndipo mphepo ya pa ulendo imamukankhira kumbuyo, n'chifukwa chake sampu ndi giyabokosi zimanamiziridwa milandu ya ena. Tiyambe tasambitsa injini." Anyamata anakulunga olitaneta ndi pulasitiki, natsuka injini yonse ndi palafini ndi burashi, kuyambira pamwamba mpaka pansi, natsukuluza ndi madzi a sopo, naisiya padzuwa kuti iume gwa. Nthawi imeneyo mayi wina wa pafupi anabwera ndi tiyi ndi zitumbuwa za mpunga, ndipo mmisiri sanalole kuti tilipire, akuti ndife alendo ake.

Injini itauma, anatenga ufa woyera wopaka makanda nauwaza paliponse pamene zitsulo ziwiri zikumana: m'mphepete mwa chivundikiro cha pamwamba, pa kaswitchi ka nyale ya oyilo, pozungulira fyuluta, kutsogolo kumene kuli lamba wa taimingi, pa bawuti yokhutulira oyilo ndi m'milomo ya sampu. Atatero analiza injini, naisiya kuti itenthe, ndipo anayamba kuunika ndi tochi kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, osafulumira, akutchula malo alionse ndi kuwamasula pa mlandu. Gasiketi ya pamwamba inali youma. Kaswitchi, kamene kakang'aluka kamalavula oyilo wambiri ngakhale n'kakang'ono, kanali kouma. Kutsogolo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, chifukwa oyilo akafika pa lamba wa taimingi amamufewetsa, ndipo lambayo akaduka injini ikuyenda, mavavu ndi mapisitoni zimagundana; koma nakonso kunali koyera. Ndinakumbukira mawu a makolo akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti panapita nthawi ufa uli mbuu, ife mitima ili m'mwamba, iye osatekeseka. Pomaliza anauza mnyamata kuti aponde mafuta pang'ono, ndipo pansi pa olitaneta, pa kapaipi ka mphira kotalika ngati chikhatho, panatuluka kamzere kakuda kakuyenda pa ufa woyera.

Apa ndipo ndinaphunzira chinthu chimene chimasiyanitsa injini ya dizilo ndi ya petulo. Kuti mabuleki agwire mwamphamvu popanda woyendetsa kulimbana nawo, pamafunika mphamvu yokoka mpweya. Injini ya petulo ili nayo mwachibadwa, chifukwa pakhosi pake pali kachitseko kochepetsa mpweya wolowa. Koma ya dizilo imameza mpweya momasuka, motero amisiri anaiikira kapampu kapadera kokoka mpweyawo. Pa injini za mtundu wa yathuyi kapampuko kamakhala kumbuyo kwa olitaneta ndipo kamazungulira pamodzi nayo, ndiponso kamadya oyilo wa injini yomweyo: amabwera ndi kapaipi kamodzi, nabwerera ku injini ndi kapaipi kena ka mphira. Kobwererako ndiko kanali kataumiratu ndi ukalamba ndi kutentha, nikang'ambika pansi pa kalamba kachitsulo kokamanga; pa msewu wosalala kankangochucha pang'ono, koma pa Kitonga, injini ikulira mwamphamvu ndipo oyilo atapyapyala ndi kutentha, kanatsekuka, ndipo mphepo inamwaza oyiloyo pa sampu, pa giyabokosi ndi pa paipi yotentha ya utsi, kumene kunachokera fungo lija.

Munthu wina akanalekera pomwepo, koma iye anati kupeza pobooka n'kumodzi, kudziwa chimene chikukankha oyilo n'kwina. Injini ikulira anamasula chitsekerero cha pothirira oyilo nachisanjika pakamwa pake osamanga, kuti aone ngati chivinavina kapena kuuluka, pakuti malingi a mapisitoni akatha, mpweya wa moto umathawira m'munsi, nudzaza m'mimba mwa injini, nukankha oyilo pa gasiketi iliyonse, ndipo ukatseka pano amakabooka pena. Chitsekererocho chinangonjenjemera pang'ono, ndipo iye anati malingi akadali ndi moyo. Anazulanso paipi yopumira ya pamwamba pa injini, naipeza ili ndi utsiru wa oyilo wouma, naitsuka mpaka mpweya unadutsa bwino. Mnyamata amene anatumidwa pa bodaboda kusitolo ya zipangizo anabwera ndi paipi ya madzi, ndipo mmisiri anamubweza mofatsa, akumuuza kuti mphira wa madzi ukakumana ndi oyilo wotentha umafufuma n'kufewa, ndipo alendowa akanakaona tsoka lomwelo asanafike kwawo. Akafune mphira wopangidwira oyilo.

Kukonza kwenikweni kunali kwa kanthawi kochepa. Anaika paipi yatsopano ndi timalamba tachitsulo tatsopano, nasinthanso timawashala ta mkuwa pa bawuti ya kapaipi kobweretsa oyilo, chifukwa mkuwa ukafinyidwa kamodzi sutsekanso bwino kachiwiri. Popeza galimotoyo inaima nthawi yaitali ku Japan ndi m'sitima, analangiza kuti tikhutule oyilo yense ndi kuthira watsopano wa 15W-40 pamodzi ndi fyuluta yatsopano. Anatisonyeza kuti pochotsa fyuluta yakale munthu aonetsetse kuti kamphira kake katuluka nayo, pakuti timphira tiwiri tikasanjikizana oyilo amatuluka ngati pa mpopi. Kuti kamphira katsopano akapake oyilo ndi chala. Ndi kuti fyuluta imangidwe ndi dzanja, osati ndi sipanala. Oyilo anathira kufikira pa chizindikiro osapitirira, akunena kuti wosefukira amavutitsa masilu monga wochepa avutitsa zitsulo. Wakaleyo sanamutaye pansi, koma anamusunga m'chigubu. Kenaka anawazanso ufa, nakwera nafe phiri lolowera m'tawuni ya Iringa ndi kutsikanso, ndipo ataunika kachiwiri ufa unali woyera monga anauwazira. Malipiro amene anatchula anali ochepa kuposa mtengo wa oyilo ndi fyuluta, ndipo kapaipi kong'ambikako anakapereka m'manja mwa alamu kuti aone okha chimene alipirira.

Tili m'njira ndinasinkhasinkha za munthu ameneyu. Ife tinali alendo, osadziwa mitengo ya m'dzikomo, ndipo tinafika titauzidwa kale kuti giyabokosi iyenera kutsika. Akanangovomereza mawu amenewo, tikanalipira mosadandaula ndi kumuthokoza pamwamba pake, ndipo mlendo ndi mame, sitikanabwereranso kudzamufunsa. Chimene chinamuletsa sichinali lamulo la boma, koma ulemu umene ali nawo pa ntchito ya manja ake. Amisiri otere kwathu aliponso, kwa Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande ndi m'matawuni ang'onoang'ono, ndipo ena ndi anzeru zodabwitsa. Koma kawirikawiri eni magalimoto ndiwo amawaononga, pofika ali pa liwiro, atagamula kale matenda, nafuna kuti galimoto ituluke dzuwa lisanapendeke. Mmisiri wokakamizidwa chotero amamata silikoni pamene paoneka ponyowa, mwini nachoka wokondwa, ndipo sabata isanathe abwerera akunyoza. Kutsuka injini ndi kudikira kuti iume kumaoneka ngati kutaya nthawi kwa munthu wosadziwa, chonsecho ndiyo ntchito yeniyeniyo, ndipo ndiyo iyenera kulipiridwa koposa kumanga mabawuti.

Kuchokera ku Iringa msewu umayenda pamtunda wozizira, kudutsa Mafinga ndi nkhalango za paini ndi bulugamu za Sao Hill, zofanana ndi za ku Chikangawa, mpaka pa Makambako, tawuni ya mphepo yosaleka, pamene tinakumana ndi njanji ya TAZARA, imene inamangidwa ndi thandizo la China nitha mu 1975, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Pamenepo pali mphambano ya msewu wopita ku Njombe ndi ku Songea, ndipo alamu anachepetsa liwiro nandilozera, pakuti kudera la Songea n'kumene makolo athu Angoni a kwa Maseko anakafika pa ulendo wawo wautali asanabwerere kumwera kudzakhazikika ku Domwe ndi ku Ntcheu, ndipo Angoni ena alipobe kumeneko mpaka lero. Tinatsikira m'mphepete mwa madambo a mpunga a Usangu, ndipo pa Uyole, tisanalowe mu mzinda wa Mbeya, tinapatukira kumanzere. Paliponse pamene tinaima alamu ankasolola kachitsulo koyezera, ndipo oyilo sanasunthe pa chizindikiro chake.

Dziko la Tukuyu, patsinde pa phiri la Rungwe, ndi lobiriwira kuposa lililonse limene tinadutsa: tiyi ngati wa ku Thyolo, mapeyala, ndi nthochi zozinga nyumba iliyonse. Kumeneko tinadya nthochi zophikira pamodzi ndi nyama, zimene alamu anazilandira ngati mbalagha ya ku Karonga, ndipo atapereka moni m'Chinkhonde, amayi ogulitsawo anayankha m'Chinyakyusa mosangalala, pakuti anthu a tsidya lino ndi tsidya lija la Songwe ndi amodzi, ndipo malire anawapeza ali kale pachibale. Titatsika mapiri, kutentha kwa kunyanja kunatilandira pa Kasumulu. Tinaoloka mlatho wa pa Songwe, tinabweza mawotchi athu ndi ola limodzi, ndipo makalata a msonkho atatha tinalowa m'dziko lathu.

Pa chikweza cha Chiweta, chimene ndicho Kitonga wa kwathu, tinapeza lori ya nambala ya ku Tanzania itaima pambali, miyala ili kumatayala, nthambi zobiriwira zitayalidwa pamsewu kuchenjeza odutsa, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wake anali atakhala pamthunzi wa lori yawoyo. Alamu anaima, nawapepesa m'chinenero chawo, nawafunsa chimene chavuta. Tinawasiyira madzi ndi phava la nthochi za ku Tukuyu, ndipo tinatenga uthenga wawo kukapereka kwa makaniko wodalirika wa ku Mzuzu. Anthu amenewa amadutsa m'midzi yathu tsiku ndi tsiku, atanyamula mafuta amene timayendera, ndipo galimoto ikawafera amakhala m'manja mwathu monga ife tinakhalira m'manja mwa mtsikana wa tomato, woyendetsa lori wachikulire ndi mmisiri wa pa Ipogolo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati tifuna kuti ana athu opita kudoko azikapeza anthu oona mtima m'njira, tiyenera ifenso kuwauza alendo athu mtengo weniweni, kuwalozera kwa mmisiri weniweni, ndi kuphunzitsa anyamata a m'magalaja athu kuti asamasule bawuti ndi imodzi yomwe asanaone ndi maso awo pamene oyilo akutulukira.